Mndandanda wa Zolinga Zanga

Kaya muli m'kalasi, kaya mwakhala pansi pa mtengo wa mango cifukwa zipinda zacepa, ndikupemphani kuti yense atenge pensulo ndi pepala, pakuti tisanasiyane lero mudzalembapo kanthu. Nkhani yathu ndi ya mndandanda wa zolinga, ndiko kunena zinthu zimene munthu wadzisankhira yekha kuti aziphunzire kapena azicite m'caka cimodzi, nazilemba motsatana, nayamba kuzigwira cimodzicimodzi. Ine ndine mphunzitsi monga aphunzitsi anuwo, ndipo ndidzakusimbirani za mndandanda wanga: zimene ndinatha, zimene zinandibvuta, ndi cimodzi cimene ndinacedwa naco.

Caka cina, pa chuthi ca Disembala, ndinakhala pa khonde ndi kabuku katsopano, ndipo ndinalembamo zinthu 24 zimene mtima wanga unazilakalaka. Munali kuluka juzi, kuweta akalulu, kuphika buledi, kuphunzira Cibemba, kusoka nsalu za m'mazenera, ndi zina zambiri. Polemba ndinamva kukoma, ngati kuti zinthuzo ndazicita kale. Januwale atafika ndinaziyamba zonse pamodzi, lero ici, mawa ico. Caka citatha ndinayang'ana zimene ndinali nazo: juzi ya dzanja limodzi, khola lopanda kalulu, ndi mau a Cibemba okwanira kupereka moni basi. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Nanga ine amene ndinathamangira mapanga 24, mvula ikanandiphonya bwanji?

Ndiri cidandaulire, ndinawerenga za munthu wina wa ku America, dzina lace Benjamin Franklin, amene anabadwira ku Boston m'caka ca 1706, namwalira ku Philadelphia mu 1790. Iyeyu anasiya sukulu ali ndi zaka 10, ndipo pofika zaka 12 anayamba kuphunzira nchito yosindikiza mabuku kwa mkulu wace. Pambuyo pace anachuka pa zolembalemba, pa sayansi ndi pa utsogoleri wa dziko lace, kotero kuti nkhope yace iri pa ndalama ya pepala ya madola 100 a ku America.

Akali mnyamata, Franklin anadzilembera mndandanda wa makhalidwe 13 amene anafuna kukhala nao, monga kudziletsa pa kudya ndi kumwa, kusalankhula zopanda pace, kusamala cuma, khama pa nchito ndi ukhondo. Poyamba analemba 12, koma bwenzi lace litamuuza kuti anthu amamuona ngati wonyada, anaonjezerapo kudzicepetsa. Nzeru yace inali yakuti sanalimbane nao onse nthawi imodzi. Sabata iriyonse anaika mtima wace pa khalidwe limodzi, ndipo madzulo alionse anaika kadontho kakuda m'kabuku pa colakwa ciriconse ca tsikulo. Masabata 13 akatha, anabwerera poyamba. Motero mndandanda wonse anaudutsa kanai pa caka, pakuti 13 kuculukitsa ndi 4 ndi 52. Atakalamba anabvomera poyera kuti dongosolo, ndiko kuika cinthu ciriconse pamalo pace ndi nchito iriyonse pa nthawi yace, linamubvuta moyo wace wonse. Anabvomeranso kuti sanafike pa ungwiro umene anaufuna, koma kuti kuyesako kunamsandutsa munthu wabwinopo ndi wokondwa.

Mndandanda wa Franklin unali wa makhalidwe, wanga unali wa nchito za manja, koma ndinatolapo ziwiri: kugwira cimodzi pa nthawi, ndi kulemba zolephera mosabisa. Ndinazindikiranso kuti temu ya sukulu zathu imatenga pafupifupi masabata 13, ndipo caka ciri ndi matemu atatu. Cotero Disembala wotsatira ndinalemba zinthu 9 zokha, zitatu pa temu iriyonse, m'magulu atatu. Gulu loyamba linali la zophika: cikondamoyo, masikono ndi buledi. Laciwiri linali la zamanja: kusoka mphasa, kusema mthiko ndi kuumba mbiya. Lacitatu ndinalicha zodziyesa, ndizo zinthu zimene ndinali kuziopa kapena kuzizengereza: kukwera njinga, kuwerenga mabuku atatu a Cinyanja kufikira tsamba lotsiriza, ndi kubzala mitengo itatu ya zipatso ndi kuisunga yamoyo kufikira mvula ina.

Aphunzitsi, tengani coko tsopano, mugawe bolodi m'zigawo zisanu zotsika, monga ndinagawira tsamba la kabuku kanga. Pamwamba pa cigawo coyamba lembani kuti "Cinthu." Pa caciwiri, "Adzandiphunzitsa ndani?" Pa cacitatu, "Zofunika." Pa cacinai, "Liti?" Pa cacisanu, "Cimene cinacitika." Ana, koperani mituyi pa mapepala anu.

Pamene mulikulemba, cherani khutu ku mau awa. Colinga cabwino ndi cimene munthu wina angathe kuciona ndi maso, nabvomereza kuti catheka. Mwana akalemba kuti, "Ndidzakhala waluso pa zamanja," sadzadziwa tsiku limene wafika. Koma akalemba kuti, "Ndidzaluka kadengu kamodzi kokhoza kunyamula mazira khumi," tsiku lomaliza adzaikamo mazirawo, ndipo kadenguko kadzayankha kokha. Cimodzimodzi, "Ndidzakonda kuwerenga" ndi cikhumbo cabe. "Ndidzawerenga buku limodzi lonse, ndi kusimbira ang'ono anga nkhani yace" ndico colinga.

Ndinayamba ndi cikondamoyo m'mwezi wa Febuluwale, cifukwa nthoci zinali zakupsa kuseri kwa nyumba. Uvuni ndinalibe, ndipo ambiri a ife tiribe. Uvuni wathu ndi mphika wacitsulo wa cibvundikiro, makala ena pansi, ena pamwamba. Ndinakanya nthoci zinai, ndinasakaniza ndi makapu awiri a ufa wa mgaiwa, mcere pang'ono, soda ndi cambiko, ndipo ndinathira m'mphika wopaka mafuta. Ulendo woyamba cikondamoyo cinapserera pansi, pakati pali paphalaphala. M'cigawo cacisanu ndinalemba kuti, "Moto unaculuka pansi." Loweruka lotsatira ndinacepetsa makala a pa mbaula, ndi kuculukitsa a pa cibvundikiro. Cinapsa bwino, koma cinaturuka cofiirira, cowawa, comveka sopo m'kamwa, moti ngakhale ana a m'nyumba, amene sakana kanthu, anacisiya pa mbale. Ndinalemba kuti, "Soda anaculuka." Ulendo wacitatu ndinaika theka la supuni yaing'ono yokha. Nditabaya pakati ndi kaudzu koyera, kanaturuka kouma, ndipo tsikulo sipanatsale ngakhale nyenyeswa.

Taonani, ana, kuti ulendo uliwonse ndinasintha cinthu cimodzi cokha. Ndikadasintha moto, soda ndi ufa tsiku limodzi, sindikadadziwa cimene cinakonza kapena cinaononga. Umo ndimo acitira a sayansi poyesa zinthu, ndipo m'khichini muli sayansi yambiri. Soda akakumana ndi cinthu cowawasa, monga cambiko kapena madzi a mandimu, pamaturuka mpweya umene a sayansi amauchula carbon dioxide. Mpweyawo umapanga timabowo tambirimbiri m'kati mwa cophikaco, ndipo kutentha kumaumitsa ufa mozungulira timabowoto. Ndiko kufufuma kumene timakuona. Soda akaposa cowawasaco, wotsalayo ndiye amabweretsa kuwawa kuja.

Buledi ali ndi njira ina. Comufufumitsa ndi yisiti, ndipo yisiti ndi tizamoyo ting'onoting'ono timene timadya shuga ndi kuturutsa mpweya womwe uja. Popeza nta moyo, timafuna madzi ofunda monga thupi la munthu. Madzi otentha kwambiri amatipha. Ine ndinatiphadi pa ulendo woyamba, cifukwa ca cangu, ndipo buledi wanga anaturuka wolimba ngati njerwa. Ndinaphunziranso cifukwa cace buledi amafuna ufa wa tirigu. Mu tirigu muli kanthu konanda kochedwa gluten, kamene kamatamuka munthu akamakanya, nikagwira mpweya monga mpira wopopedwa. Mu cimanga mulibe kanthuka, ndiye cifukwa cace cikondamoyo sicikwera monga buledi, ngakhale mutaciphika mwaluso lotani. Masikono okha ndiwo anandimvera msanga, pakuti moto wa mphika ndinali nditauzolowera.

Temu yaciwiri, mvula itatha ndipo bango litakhwima m'madambo, ndinapita kwa amalume anga kukapempha kuti andiphunzitse kusoka mphasa. Iwo anaseka nati, "Mphwanga, kodi unaonapo mkazi atagwira singano ya mphasa?" Ndinayankha kuti, "Amalume, sindinamuone, koma mkazi wogona pa mphasa ndamuona." Anasekanso, nandipatsa cikwakwa. Ndinaphunzira kusankha bango lokhwima, kuling'amba, kulipala ndi kuliyanika. Ndinaphunzira kulinyowetsa lisanasokedwe kuti lisathyoke, ndi kupota cingwe ca khonje pa ncafu. Bango limaceka zala ngati lumo, ndipo sabata yoyamba ndinalemba pa bolodi ndi zala zomanga nsanza. Mphasa yanga inaturuka yopotoka, mbali imodzi yaitali kuposa inzace, cifukwa mizere ina ndinaikoka kwambiri, ina pang'ono. Amalume anaiyala pansi, naiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Ya kumsika ai, koma munthu agonapo." Popeza colinga canga cinali mphasa yogonapo munthu wamkulu, ndinaika cizindikiro cakuti catheka, ndipo pambali ndinalemba za kupotokako. Mthiko ndinausema kwa amalume omwewo, ndipo ndimabvundulira nsima kufikira lero.

Pamenepa mwaona nchito ya cigawo cacinai, cija ca "Liti?" Zamanja zimayendera nyengo. Bango limadulidwa litakhwima, mvula itatha. Mbiya zimaumbidwa m'cirimwe, pamene dongo lingaume bwino ndipo nkhuni nzouma. Mitengo imabzalidwa mvula itakhazikika, mu Disembala kapena mu Januwale. Wolemba mndandanda osayang'ana nyengo adzafuna bango mu Febuluwale, madambo ali odzaza madzi, ndipo adzadziyesa waulesi pamene colakwa ndi kalembedwe kace.

Tsono za zodziyesa. Ine ndinakula osakwera njinga, ndipo ndinali kucita manyazi kubvomera, pokhala m'dera limene ngakhale agogo amapalasa njinga atanyamula thumba la cimanga. Ndinayamba kuphunzira m'bandakuca pa bwalo la mpira, poganiza kuti palibe wondiona. Tsiku lacitatu ndinagwera m'kamtsinje ka m'mbali mwa bwalo, ndipo podzuka ndinapeza ana a Giredi 5 ataima mwakacetecete, madzi ali pamutu. Mmodzi wa iwo, kamnyamata kamene kanali kubvutika ndi masamu m'kalasi mwanga, kanatula ndowa nikati, "Aphunzitsi, musamayang'ane gudumu, muziyang'ana kumene mulikupita." Kanagwira cishalo kumbuyo masiku anai, ndipo tsiku lacisanu kanacisiya osandiuza. Kuyambira pamenepo sindinakalipirenso mwana wolephera samu ulendo woyamba, pakuti ndinakumbutsidwa mmene kusadziwa kumawawira anthu akuyang'ana.

Mabuku atatu ndinawatha powerenga masamba asanu usiku uliwonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mitengo ndiyo inandiphunzitsa kulemba coona. Ndinabzala mango, gwafa ndi mpapaya mu Januwale. Iwiri ndinaichinga ndi minga, wacitatu ndinati ndidzauchinga mawa. Mu Ogasiti, msipu utauma, mbuzi zinaupeza. Iwiri yotsalayo ndinaithirira ndi madzi otsukira mbale m'kutentha konse kwa Okutobala, ndipo mvula ya Novembala inaipeza yamoyo. Dzanja linafuna kuika cizindikiro cakuti catheka, pakuti ndani akanadziwa? Koma ndinalemba kuti, "Iwiri mwa itatu." Kabuku kotere kalibe woyang'anira wina koma mwini wace, ndipo mwini akayamba kukanamiza, katha nchito.

Catsala cimodzi, ndipo ndico cimene ndinadzera pa wailesi lero. Ambuya anga, amai ao a amai anga, anali woumba mbiya wodziwika m'midzi ya kwathu. Ndikali wamng'ono ndinali kuwaona akubwera ndi dongo kucokera ku mtapo, akucotsamo timiyala, akulisinja ndi kulisakaniza ndi mapale operapera. Ndinali kuwaona akuumba, akusalaza ndi citsononkho, akukulungiza ndi nkhulungo, ndi kulemba timizere tao m'khosi mwa mbiya, timene munthu aliyense wa kwathu anali kutizindikira. Mbiyazo anali kuziumitsa pa mthunzi masiku ambiri asanazioche, pakuti madzi otsalira m'dongo amasanduka nthunzi pa moto, naphulitsa mbiya. Zonsezi ndinaziona ndi maso, koma manja anga sanazigwire.

Pa chuthi ca Epulo ndinapita kukawaona, ndipo ndinawaonetsa kabuku kanga monyadira. Iwo sanali kudziwa kuwerenga, cotero ndinawawerengera. Atamva za mbiya anakondwa nati, "Mdzukulu wanga, mvula yatha, tiye mawa ku mtapo, manja anga akali ndi mphamvu." Ine ndinati, "Ambuya, mbiya ndinaiika kumapeto. Ndiyambe ndamaliza mphasa, ndipo pa chuthi ca Ogasiti ndidzabwera kudzakhala nanu masabata awiri." Anangoti, "Cabwino, amai, dongo silithawa." Kuzizira kwa Juni kutafika anadwala cifuwa, ndipo mu Julayi anatisiya.

Nditabwerako ku maliro ndinatsegula kabuku kaja. Zigawo zonse za mzere wa mbiya zinali zodzaza bwinobwino: cinthu, mbiya, wondiphunzitsa, ambuya, zofunika, dongo ndi nkhuni, liti, Ogasiti. Dongosolo langa linalibe banga, koma ndinali nditasanja zinthu monga mwa kufewa kwace, zapafupi poyamba, zobvuta kumapeto, osafunsa kuti ndi citi cimene sicingadikire. Bango limamera caka ndi caka. Njinga ikanandidikira zaka khumi. Ambuya anali ndi zaka zambiri, ndipo ine ndinali kudziwa. Patapita zaka ziwiri ndinaphunzira kuumba kwa mai wina wa mudzi woyandikana nao, ndipo ndimamthokoza. Mbiya zanga zimasunga madzi. Koma timizere tija ta m'khosi ndimangotiyerekeza poyang'ana mbiya imodzi imene inatsala, ndipo palibenso wondiuza kumene dzanja limayambira. M'cigawo cacisanu ca mzere umenewo munalembedwa mau awiri okha: "Ndinacedwa naco."

Caka cimeneco, tsono, pa zinthu 9 ndinatha 7, cimodzi ndinacitha mbali, cimodzi cinandipita. Cifukwa cace, ana inu, mukadzaza cigawo caciwiri, cija ca wokuphunzitsani, muciyang'anenso kaciwiri. Ngati pa mndandanda wanu pali cinthu cimene acidziwa ndi agogo anu, kapena nkhalamba ina ya m'mudzi, cimeneco cikwere pamwamba, ngakhale cikhale cobvuta kuposa zonse. Za m'mabuku mudzazipeza m'mabuku caka ciriconse. Koma kaumbidwe ka mbiya, kalukidwe ka licero, kasulidwe ka khasu ndi kachezedwe ka cidulo ziri m'manja mwa anthu, ndipo zambiri sizinalembedwe pena paliponse.

Musaganize kuti nchito zoterezi nzacabe, zoyenera amene sukulu yawakanika. Madengu amene amai a Citonga amaluka ndi mlaza ku cigawo ca Kumwera, ndi amene amalukidwa ndi mizu ya makenge ku cigawo ca Kumadzulo, amagulidwa ndi anthu a maiko akutali. Ku Kabwata Cultural Village mu Lusaka kuli amisiri osema ndi oluka amene amadyetsa mabanja ao ndi manja. M'misika ya ku Chipata, Katete ndi Petauke muli amai ambiri amene aphunzitsa ana ao ndi ndalama za masikono ndi zitumbuwa. Ndipo ngakhale mwana amene adzakhala dokotala kapena woyendetsa ndege adzapindula pozolowera kuyamba cinthu, kucilakwa, kucikonza ndi kucimaliza.

Tsopano ndilankhule ndi inu, aphunzitsi anzanga. Nkhani ya nchito za manja m'sukulu si yacilendo m'dziko muno. M'caka ca 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti masukulu akhale ndi magawo opanga zinthu, amene anadziwika ndi dzina lakuti production unit, ndipo makolo ambiri amakumbukira madimba ndi makola a nkhuku a masiku amenewo. Kumeneko nchito inali kusankhidwa ndi sukulu, ana naigwira pamodzi. Mndandanda umene tirikunena lero ngwosiyana pa cinthu cimodzi: wosankha ndi mwana mwini wace. Mukamlembera zolinga, mwampatsa nchito ya kunyumba ina cabe, ndipo adzaigwira poopa inu. Gawo lanu ndi kumthandiza kucepetsa ndi kulunjika. Kwa mwana wa Giredi 3 kapena 4, zinthu zitatu pa caka zakwana, cimodzi pa temu. Wa Giredi 5 ndi kupitirira angathe zisanu ndi cimodzi, ziwiri pa temu.

Samalani zinai izi. Coyamba, zolinga zikhale za zinthu zopezeka popanda ndalama kapena ndi ndalama zocepa: dongo, bango, mlaza, nsungwi, nsanza, mawaya otayidwa, ufa wa mgaiwa. Mwana wa m'nyumba yosauka asaone ngati mndandanda ngwa ana a olemera. Caciwiri, pa moto, mafuta otentha, mpeni ndi sompho pakhale munthu wamkulu nthawi zonse, ndipo dzina lace lilembedwe m'cigawo caciwiri. Cacitatu, fotokozani bwino tanthauzo la kudziyesa. Kusambira pa dziwe lakuya, kukwera nsonga ya mtengo kapena kugwira njoka kuti anzako akutame ndi kuika moyo pa ngozi, ndipo zotere zisalowe m'kabuku. Kudziyesa koyenera ndi monga kuimirira pamaso pa kalasi ndi kusimba nthano, kuloweza matebulo a masamu kufikira 12, kapena kufika pa sukulu belu lisanalire temu yonse. Cacinai, musaletse mnyamata wofuna kuphika, kapena mtsikana wofuna kusema, ndipo musalole anzao kuwaseka.

Tsiku Lacisanu lirilonse patulani mphindi khumi zakuti ana atsegule timabuku tao ndi kulemba m'cigawo cacisanu. Musapereke malikisi, ndipo musapacike pa khoma maina a amene atha zambiri, pakuti mukatero ana adzayamba kusankha zofewa zokhazokha ndi kubisa zolephera. M'malo mwace, itanani mwana mmodzi kapena awiri asimbe cimene cinalakwika ndi cimene adzasintha. Mwana wobwera ndi kambiya kong'aluka, nafotokoza cifukwa cace kanang'aluka, waphunzira kuposa wobwera ndi cokongola copangidwa ndi amai ace. Koposa zonse, lembani mndandanda wanu inunso, muuwerenge pamaso pao, ndipo cikondamoyo canu cikapserera muwauze. Pa mapeto a temu yacitatu konzani tsiku la cionetsero, muitane makolo, ndipo agogo ndi amisiri amene anaphunzitsa anawo akhale pa mipando ya kutsogolo.

Nthawi yathu yatha. Ana, pa pepala lija lembani tsopano zinthu zitatu: cimodzi ca manja, cimodzi cophika, cimodzi codziyesa. Madzulo ano muwawerengere a kunyumba, ndipo mufunse wamkulu koposa onse pa mudzi panu kuti, "Kodi ndi nchito iti ya manja imene muidziwa, imene ine sindiidziwa?" Yankho lao mulilembe pa mzere woyamba, ndipo mupangane nao tsiku sabata yomwe ino.



Zocita m'kalasi nkhani itatha

1. Ana afotokoze m'mau ao kusiyana kwa cikhumbo ndi colinga, napereke citsanzo ca ciriconse.

2. Mphunzitsi athire madzi a mandimu pa soda pang'ono m'kapu, ana aone thobvu, nanene cimene cirikucitika ndi mmene cimathandizira pophika.

3. Kalasi lonse lijambule kalendala ya miyezi 12, ndi kulembamo nchito za manja zoyenera mwezi uliwonse m'dera lao.

4. Ana achule amisiri a m'midzi kapena m'makomboni ao, oumba, oluka, osema, osoka ndi osula, ndipo kalasi lisankhe mmodzi woti limuitane ku sukulu temu yomwe ino.

5. Ana a magiredi apamwamba alembe ndime imodzi pa mutu wakuti, "Cinthu cimene ndinalephera ulendo woyamba."